Masabata Atatu a Masentimita

Fakitale yocheka matabwa ya m'tauni mwathu inatsekedwa mu Meyi, ine ndinamaliza sekondale mu Juni, ndipo pofika Julaye tonse awiri, ine ndi bambo anga, tinali anthu ongokhala pakhomo. Amayi okha ndi amene ankavala yunifolomu m'mawa kupita kunyumba yosamalira okalamba. Chaka chimenecho nkhalango za kumpoto zinkapsa osazima. Utsi unkafika mpaka kwathu, dzuwa n'kumatuluka lofiira ngati diso lodwala, ndipo zovala ukayanika panja zinkabwera zikununkha moto.

Bambo anagwira ntchito pafakitalepo zaka 26. Sukulu anaisiyira panjira ali ndi zaka 16. A ku ofesi ya zantchito anawapezera malo kukoleji ya mumzinda, ulendo wa maola awiri pagalimoto, kuti akaphunzire ukalipentala n'kukhala ndi pepala. Koma asanayambe ankayenera kukhoza mayeso a masamu, Lachisanu la pakati pa Ogasiti. Akalephera kapena akapanda kupita, malowo apatsidwa wina. Chotsala chinali migodi ya kumpoto, kukagona m'kampu masabata atatu n'kubwera kunyumba sabata imodzi, ndi msana wawo uja womwe ankachita kuugwirira pomanga zingwe za nsapato.

Envulopu ya kukolejiko anaiika patebulo pafupi ndi mbale yanga. Inali yonenepa.

"Wophunzira m'nyumba muno ndi iwe, Shay," anatero akuyang'ana pawindo. "Undikonzere zoti ndiziyeserera."

Ndinavomera. Koma mutu wanga sunali m'khitchini muja. Unali paphiri lina kumpoto komwe Rémi, mnyamata wa ku Quebec amene ndinadziwana naye atabwera kudzadzala mitengo kufupi ndi kwathu, anali m'gulu lozimitsa moto. Tinapangana kuti Seputembala akafika tidzakwera kagalimoto kake kokhala ndi bedi kumbuyo, n'kutsika mpaka msewu utathera m'madzi amchere. Nyanja yaikulu ndinali ndisanaionepo. Ndinkaiganizira potsuka mbale, posamba, ngakhale amayi akundilankhula. Uthenga wake unkabwera kamodzi pamasiku atatu, akakwera pomwe foni imagwira, ndipo masiku awiri apakatiwo ndinkangowakankha kuti adutse.

Ndinasolola tsamba loyamba m'envulopumo, ndinaona tsiku la mayeso ndi mawu oti masamu a kayezedwe ka zinthu, n'kulibwezeramo. Kenako ndinatsegula laputopu n'kulowa pa pulogalamu ya AI ija yomwe inatiwolotsa tonse m'kalasi lomaliza. Ndinailembera kuti ndikufuna mafunso makumi awiri a kayezedwe tsiku lililonse, a munthu wamkulu amene anasiya sukulu kalekale, mayankho akhale patsamba lapadera. Inandifunsa funso limodzi lokha, lakuti igwiritse ntchito miyezo iti. Ndinayankha kuti tili ku Canada. Mphindi isanathe mafunso anali atadzaza sikirini: mamita, masentimita, mamilimita, monga m'mabuku athu kuyambira kalasi loyamba, monga pazikwangwani za mumsewu ndi pachigubu cha mkaka. Ndinapita kulaibulale kukasindikiza a sabata yonse nthawi imodzi kuti ndisamayendeyende.

Thupi la bambo linali lisanamve kuti fakitale inatsekedwa. Faifi koloko m'mawa ankakhala atadzuka, khofi ali pamoto. Ankakhala patebulo atavala magalasi ogula kufamase, m'manja muli pensulo yaphwatalala ya akalipentala yomwe ankaisongola ndi mpeni. Ine podzuka cha m'ma naini ndinkapeza pepala lili chafufumimba, atalitsindika ndi botolo la shuga, iwo ali kugalaji kukonza zinthu zomwe sizinawonongeke.

Ndinkachonga ndikuyang'ana tsamba la mayankho. Tsiku loyamba anakhoza asanu ndi awiri mwa makumi awiri. Lachiwiri asanu ndi anayi. Lachitatu anatsika kufika pa asanu ndi limodzi. Chinkawasokoneza ndi kadontho. Funso likati thabwa la mamita 2.35 ndi masentimita angati, iwo ankalemba 23.5, kufufuta, kulemba 2350, kufufutanso mpaka pepala kubooka.

Ankati kadonthoko kamangoyendayenda ngati nthata. Ine ndinkawauza kuti n'zophweka, mungokasuntha kawiri kumanja, basi, ndipo polankhulapo diso limodzi linali pafoni. Ankagwedeza mutu monga amachitira munthu kwa dokotala, kuvomera zomwe sanamve kuti atuluke msanga.

Sabata yachiwiri ndinauza pulogalamuyo kuti mafunsowo akumulemera wophunzirayo, iwapeputse. Inawapeputsadi. Inabweretsa kamtsikana kokhala ndi riboni ya masentimita 80 yoti kagawire anzake anayi, ndi nkhono yomwe imakwera khoma masentimita 12 pa ola. Sindinawawerenge ndisanasindikize. Madzulo ake bambo anatenga pepalalo n'kuwerengera amayi mokweza, pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere.

"Tamva, Colleen. Mwamuna wako wafika pa maliboni."

Amayi anaseka pang'ono, kenako atawayang'ana kumaso analeka. Koma m'mawa mwake pepala la maliboni lija ndinalipeza pansi pa botolo la shuga, lolembedwa mpaka funso lomaliza. Anakhoza khumi ndi awiri.

Tinapitirira choncho. Utsi unkati ukachepa tsiku limodzi, mawa lake ubwerera wochuluka. Bambo anayamba kudya pang'ono, kulankhulanso pang'ono. Ankati akamaliza pepala ankakhala m'thiraki panja injini osailiza, manja ali pachiwongolero. Ine ndinkawaona pawindo la kuchipinda kwanga n'kumadziuza kuti mayesowo akangodutsa, zonse zidzakhala bwino ndipo ndidzanyamuka ndi mtima woyera. Ndinali nditayamba kale kusankha madiresi oti ndikavale kunyanja.

Lachiwiri la sabata ya mayeso ndinapeza pepala lili pomwe ndinalisiya, losalembedwa kanthu, pensulo ili pamwamba pake. Ndinawatsatira kugalaji. Anali kupukuta sowo yomwe inali yopukuta kale. Anandiuza osatembenuka kuti aimbira foni kukoleji eyiti koloko, awauza kuti malowo apatse wachinyamata amene mutu wake ukugwirabe. Aimbiranso munthu wolemba anthu ntchito kumigodi. Basi ya kukampu inyamuka pa 25.

Ndikanatha kuwafunsa za msana wawo. Ndikanatha kungokhala chete. M'malo mwake ndinati: "Ndiye masabata atatu onsewa ndimangotaya nthawi yanga?"

Apo anatembenuka. Anandiyang'ana nthawi ndithu, nsanza ili m'manja.

"Pepa, mwanawe," anatero.

Amayi atabwera kuntchito anamva nkhaniyo ali chiimire, chikwama chili paphewa. Anathira madzi ofunda m'beseni, kuviikamo mapazi, n'kutseka maso.

Lachitatu m'mawa kunabwera a Merv Thiessen, oyandikana nawo nyumba, amene anagwira ntchito ndi bambo pamakina amodzi kwa zaka zambiri ndipo anachotsedwa tsiku limodzi. Masitepe a khonde lawo lakuseri anali atawola, ndipo akazi awo anali atanena kuti akadzathyoka mwendo adzasamukira kwa mlongo wawo. Bambo anati ndi bwino awakonzere asanapite kumpoto. Ine m'nyumba munkandipanikiza, choncho ndinakakhala pachitseko cha kumbuyo kwa thiraki, pafupi ndi mpanda, foni ili pantchafu. Linali tsiku lachitatu, tsiku la uthenga.

Sindinkawamvetsera. Mawu awo ankangondidutsa ngati wailesi ya m'nyumba ya eni. A Merv ankadandaula za bondo, za mtengo wa matabwa, za mpongozi wawo amene amabwereka zida osabweza. Kenako anagwada, nakoka tepi kuchokera pansi kufika pakhonde.

"Mainchi 47 ndi kota."

"Masitepe seveni," anatero bambo, pensulo ili pakamwa. "Lililonse 6 ndi makota atatu."

"Walota iwe. Dikira ndione."

"Yeza, mdala. Ndikudikira."

A Merv anayenda ndi tepi pathabwa, kulemba timizere, akung'ung'udza. Kamzere komaliza kanagwera ndendende pomwe bambo ananena. Anapukusa mutu n'kunena kuti eni fakitale anapusa, pogulitsa makina aja akanagulitsa ndi mutu womwe wa Lorne, bambo angawo, akanapezapo kenakake. Bambo anati wa a Merv ogulawo akanaukana ngakhale wa ulere. A Merv anati n'chifukwa chake anakwatira mkazi wanzeru, kuti wawowo uzipuma.

Ndinaika foni pambali. Ankaponyerana manambala ngati ana akuponyerana mpira. A Merv akati 11 ndi 5/8, chotsapo kunenepa kwa thabwa, bambo ankati 10 ndi 1/8 asanamalize n'komwe kufunsa. Akati pa 5/8 wonjezerapo 3/16, ankati 13/16 uku akusakasaka sikuluwu m'thumba. Ine mafulakishoni ndinkadana nawo kusukulu. Popanda pepala ndi kakyuleta sindikanawakhudza. Munthu amene masiku apitawo ankaboola pepala chifukwa cha kadontho anali kuwadya ngati mtedza, maso ali kwina.

Ndinatsika pathiraki n'kuthamangira kukhitchini. Envulopu ija inali pamwamba pa firiji, pansi pa makiyi akale. Ndinakhuthulira zonse patebulo. Tsamba loyamba linali lija ndinaliona. Lachiwiri linali la malo oimika galimoto. Lachitatu linali la zoti ubwere nazo. Lachinayi linali ndi mafunso khumi achitsanzo, mayankho ake ali kuseri. Ndinawawerenga kawiri, ndikufunafuna sentimita ngakhale imodzi. Munalibe. Onse anali mafiti, mainchi ndi timagawo ta inchi, monga amayezera aliyense womanga nyumba m'dziko muno, ngakhale zikwangwani za mumsewu zinene zotani. Pulogalamu ija inandifunsa. Inachita zomwe ndinaiuza.

Ndinatuluka ndi tsambalo, kudutsa pakageti ka mpanda, n'kuima pambali pa timabenchi ta matabwa pomwe bambo ankachekera. Sindinadziwe poyambira, choncho ndinangowerenga funso loyamba ngati ndi langa. Thabwa la mafiti eyiti, uchekepo zidutswa zitatu za mainchi 21 ndi 3/8, sowo imadya 1/8 pocheka paliponse. Chotsala n'chotalika bwanji?

Anayang'ana kumwamba pang'ono, milomo ikugwedera.

"31 ndi hafu. Bwanji, amayi ako akufuna shelefu?"

Ndinatembenuza tsamba. 31 ndi hafu. Ndinawerenga lachiwiri, anayankha. Lachitatu linali la denga, ndipo anandifunsa kuti ndibwereze nambala imodzi, kenako anayankhanso. Apo m'pamene anachotsa pensulo pakamwa n'kuyang'ana chomwe chinali m'manja mwanga. Chizindikiro cha koleji chinali pakona.

"Ababa, awa ndi mafunso a kukoleji. Onse ndi a mainchi."

"Asukulu amalemba mamita."

"Awa sanalembe."

Anapukuta manja pathalauza n'kulandira pepalalo. Magalasi anali atawasiya m'nyumba, choncho analitalikitsa mpaka pomwe mkono unathera. A Merv anayamba kunena kuti ndiye kuti pulofesa wathu wakhala akuphunzira Chifalansa pokonzekera mayeso a Chingelezi, koma ataona nkhope ya mnzawo analeka. Anati akukatenga misomali, n'kulowa m'nyumba misomaliyo ili m'manja mwawo.

"Tsamba ili unaliwerenga?" anandifunsa bambo.

"Ayi."

"Nanenso sindinaliwerenge." Analipinda pakati mosamala. "Ndinaona kuti n'zambiri, ndinati uwerenga ndiwe."

Ndinayamba kupepesa, mawu akuthamangitsana. Anakweza dzanja pang'ono kuti ndileke.

"Masabata atatu, Shay. Ndimadzuka m'mawa uliwonse n'kukhala patebulo paja kuti ndione ngati mutu wanga unaumadi. Ndipo pepala limati eya."

Sanakweze mawu. Anaika tsambalo m'thumba la malaya, nawerama, n'kupitiriza kucheka. Ndinawauza kuti tiimbe foni kukoleji pompano. Anati amalize kaye masitepe, Merv asatsale ndi khonde lopanda potsikira. Ndinadikira mphindi mwina zisanu, zomwe kwa ine zinali ngati chaka, kenako ndinaimba ndekha. Mayi amene anayankha anati sangakambe nkhani ya wophunzira ndi munthu wina, mwiniwake alankhule yekha. Ndinayenda pautuchi n'kuwagwirizira foniyo kukhutu, chifukwa manja awo onse anali pathabwa. Anandiyang'ana moipidwa, koma anazimitsa sowo.

Ndinali pafupi moti ndinkamva zonse. Mayiyo anali waulemu, mawu ake otopa ngati a munthu amene wanena zomwezo kwa anthu ambiri chaka chino. Anati malo aja anaperekedwa dzulo masana kwa wotsatira pamndandanda, munthuyo wauzidwa kale, sangamulandenso. Gulu lina liyamba mu Januwale. Ngati akufuna, mayeso a Lachisanu atha kulembabe, ndipo akakhoza dzina lawo likhala pamwamba pa gulu limenelo.

Mayiyo anafunsa ngati bambo akadali pafoni. Ndinkaona bambo akuwerenga miyezi m'mutu: Seputembala, Okutobala, Novembala, Disembala. Nyumba siikanatha kudikira miyezi inayi ndi malipiro a amayi okha. Kukampu ankayenera kupitabe, m'nyengo yozizira kwambiri yomwe chitsulo chimamata pachikhatho ukachigwira.

"Ndilembeni," anatero bambo. Kenako anatchula zilembo za dzina lathu chimodzichimodzi, H, R, Y, C, I, U, K, monga achitira moyo wawo wonse.

Masitepe anawamaliza cha m'ma folo. Anakwera ndi kutsika kawiri, a Merv nawonso kawiri, akudumpha pang'ono kuti aone ngati alira. Sanalire.

Lachinayi bambo sanandisiyire pepala patebulo. Anandidzutsa seveni koloko, kukoka mpando n'kukhala pambali panga, nati nditsegule makina angawo. Iwo ankanena, ine ndinkalemba. Anati ndiwauze kuti wophunzirayo wagwira matabwa zaka 26, akufuna mafunso a mafiti ndi mainchi, a masitepe, a denga, a kuwerenga matabwa a khoma, ndipo asamubweretsere nkhono. Mafunso atatuluka anawawerenga onse asanalole kuti ndisindikize. Limodzi analikana, amvekere palibe sitolo imagulitsa thabwa lotalika choncho, alembe lina. Pulogalamuyo inapepesa n'kulemba lina. Anati kamakinaka kali ndi ulemu kuposa mafolomani onse omwe anawaonapo.

Anakhoza khumi ndi asanu ndi anayi. Pa lotsalalo anaumirira kuti yankho lawo ndi lolondola. Tinawerengera limodzi papepala, ine ndikutsalira m'mbuyo, ndipo zinapezeka kuti tsamba la mayankho linaiwala zomwe sowo imadya.

"Aka sikanagwirepo sowo," anatero, n'kudzichongera okha.

Sanamwetulire kwenikweni. Anangotsamira mpando, kuvula magalasi, n'kutikita maso nthawi yaitali.

Lachisanu tinanyamuka m'mawa, magetsi a thiraki ali oyaka chifukwa cha utsi. Iwo ankayendetsa, ine ndikuwerenga mafunso. Penapake panjira uthenga wa Rémi unalowa, wochedwa ndi masiku awiri. Anati moto sukuzima, awawonjezera mpaka Okutobala, ndisadandaule. Ndinauwerenga kamodzi, n'kubwerera pa funso la khumi ndi chimodzi.

M'chipinda cha mayeso anakhalamo ola limodzi ndi theka. Ine ndinatsala m'thiraki ndikuyang'ana anthu olowa ndi otuluka, ambiri a iwo azibambo a msinkhu wawo, ovala malaya ositidwa omwe sanawazolowere. Atatuluka sananene kuti zayenda bwanji. Anati ali ndi njala, ndipo tinadya mabanzi a nyama tili m'galimoto, mawindo otseka.

Yankho linabwera Lachitatu lotsatira. Anakhoza, ndipo dzina lawo linali loyamba pa gulu la Januwale. Amayi anamata kalatayo pafiriji. Tsiku lomwelo anawagulira masokosi aubweya mapeya sikisi ndi lamba womanga m'chiuno wa anthu odwala msana.

Pa 25 tinawaperekeza pamalo okwerera basi kuseri kwa sitolo ya mafuta. Panali azibambo ena asanu ndi atatu, atatu a iwo a pafakitale paja, onse ali ndi zikwama zofanana. Chikwama cha bambo ndinanyamula ndine. Anafuna kundilanda, ndinakana, ndipo sanalimbikire. Pokwera anagwira chitsulo cha pakhomo ndi manja awiri, n'kukweza mwendo umodzi, kupuma, kenako winawo. Anakhala kumbali yomwe sitinkawaona.

Amayi anapita kuntchito wapansi kuchokera pomwepo, poti inali pafupi. Ine ndinabwerera ndi thiraki. Mpando unali kutali ndi chiwongolero, pa muyezo wa miyendo yawo, ndipo ndinayendetsa choncho mpaka kunyumba, nditakhala kumapeto kwenikweni kwa mpandowo, ndikuponda mabuleki ndi nsonga za zala.